Loweruka limene amayi anabweza antchito a mabwana

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anasankhidwa kukhala wapampando wa mphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'dera limodzi, ku Ndirande. Ndinali mu Sitandade 6. Amayi sukulu sanapite nayo patali. Ankagulitsa tomato ndi usipa pamsika, ndipo Chinyanja chawo chinkamveka Chisena cha kwathu ku Nsanje. Ndikuganiza kuti anthu anawasankha poona kuti ndi ofatsa, sangavute.

Mphakati uliwonse unkakhala ndi Loweruka lake lokonza m'tchalitchi. Inali ntchito yowawa: kusuntha mabenchi, kutunga madzi kumpopi wa kuseri, kukolopa chogwada, kenako kupaka polishi wofiira amene fungo lake linkakhala m'zala mpaka Lolemba. Koma panali chizolowezi chimene aliyense ankachiona osachinena. Akazi a mabwana sankabwera. Ankatumiza atsikana awo antchito, iwo n'kudzafika Lamulungu atatchena, n'kukhala kutsogolo.

Loweruka lathu litakwana, kunabwera atsikana atatu otumidwa. Amayi anawalandira bwino, anawagawira zitumbuwa zimene anatitengera, kenako anawauza kuti abwerere akauze madona awo kuti ntchitoyi ikudikira eni ake. Mmodzi mwa atsikanawo ankagwira ntchito kwa Mayi Likoswe, amene amuna awo anali manijala pafakitale pamene abambo anga ankanyamula matumba.

Nkhani inafika kunyumba ife tisanafike. Tinapeza abambo atakhala pakhonde, chakudya chikuzizira pambali pawo.

"Amake Rozina, mukufuna tibwerere ku Nsanje ndi mphasa pamutu?" anafunsa motsitsa mawu.

Amayi anayankha kuti atsikana ajawo amagwada kale sabata yonse m'nyumba za anthu, ena si a mpingo wathu n'komwe, ndipo si bwino kuti azidzagwadanso m'nyumba ya Mulungu m'malo mwa anthu a mphamvu zawo. Ine ndinawakwiyira amayi. Kusukulu, mwana wa Mayi Likoswe, amene tinkakhala desiki imodzi, anasiya kundiyankhula.

M'kati mwa sabata akatekisiti anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Mayi Likoswe anayankhula nthawi yaitali, Chingerezi chili mbwee, kuti iwo ndi otanganidwa ndipo kutumiza munthu n'chimodzimodzi kubwera wekha. Amayi anawasiya mpaka anamaliza. Sanakangane nawo. Anayamba kufunsa aliyense, mmodzimmodzi, nthawi imene amapeza mpata ndi ntchito imene angaithe. Ogwira ntchito Loweruka m'mawa anapatsidwa masana. Ovutika mawondo anapatsidwa kuchapa nsalu za paguwa ndi kukonza maluwa. Azibambo, amene ankaganiza kuti nkhaniyi siikuwakhudza, anangozindikira apatsidwa mabenchi.

"Mukadwala, tidzakugwirirani ife abale anu," anatero amayi. "Koma muli bwinobwino, musatumize mwana wa mwini."

Loweruka lathu litabweranso, tinagwira ntchito maso ali kumsewu. Cha m'ma 3 koloko galimoto inaima panja. Mayi Likoswe anatsika atamanga chitenje pamwamba pa diresi, atanyamula mopu yatsopano ikadali m'pepala lake. Sanapereke moni kwa aliyense. Polishi anamupaka ngati majarini pabuledi, moti mawa lake akatekisiti anatsala pang'ono kufika paguwa chokhala. Koma Loweruka lija amayi sanawaseke Mayi Likoswe. Anagwada pambali pawo n'kuyamba kupukuta, ndipo pomaliza ntchito ndinawamva awiriwo akukambirana za matenda a BP.

Pobwerera kunyumba ndinayenda pafupi ndi amayi, nditawalanda chidebe, ndikufuna aliyense panjira adziwe kuti ndine mwana wawo. Abambo ntchito sinawathere, ngakhale kwa mwezi wathunthu ankawazemba a manijala ngati galu wolusa. Amayi anasankhidwanso kawiri. Atamwalira, Mayi Likoswe, ali ndi imvi kale, ndi amene anatsogolera amayi a mphakati kusambitsa thupi lawo.

Lero tchalitchi chathu chili ndi matailosi, ndipo chimakolopedwa ndi anthu olembedwa ntchito. Zochitika za mphakati timauzana pafoni, aliyense n'kuyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Ineyo ndili mu komiti ya parishi, ndipo takhala tikupita ku maphunziro a utsogoleri kumene amatipatsa mabuku ndi zolembera. Zonsezi ndi zabwino, sindikudandaula. Kungoti pali anthu amene ndakhala nawo benchi imodzi zaka zambiri, koma sindikudziwa chimene chimawapweteka. Amayi ankadziwa bondo la munthu aliyense mu mphakati wawo.