Chipupa Chimene Tenson Anagwetsa kwa Ba Ednah

Tenson Mbewe anachoka ku Katete ali mnyamata, nakalambira ku Chongwe akugwira ntchito ya njerwa. Anzake ankathamangira nyumba zatsopano, koma iye ankadziwika ndi kukonza zakale: kugwetsa zipupa za m'kati ndi kuzimanganso pamene mwini wafuna.

Chaka chatha Ba Ednah, telala wa pamsika, anamuitana ku mafulati akale a kuseri kwa masitolo. Ankafuna achotse chipupa cha pakati pa khitchini ndi kachipinda kuti makina osokera apeze malo.

Tenson anayambira pamwamba, akutsitsa njerwa imodziimodzi. Atafika pakona, panagumuka chigawo chachikulu, chikukoka njerwa za chipupa chogawana ndi nyumba ya pafupi. Fumbi litatsika, pachibowopo panatuluka fungo loipa. Anasuzumira, naona phazi la munthu pansi.

Hamala inamugwa m'manja.

"Ba Ednah! Uku kukhala ndani?"

"Ni Ba Norbert, mdala uja. Koma anayenda ku Bundabunda kukolola."

"Sanayende. Bwerani muone."

Ba Ednah atasuzumira anakuwa, nagwira kumutu. Pomwepo phazi linagwedezeka, ndipo mawu ofooka anamveka: "Madzi."

Chitseko cha mdalayo chinali chokhoma m'kati, choncho Tenson anakulitsa chibowo ndi manja, nakwawira momwemo. Anapeza Ba Norbert ali pasimenti, mbali imodzi ya thupi itauma, milomo itang'ambika. Pafupi panali kapu yachitsulo yopindika mlomo. Ndiyo ankamenyera chipupa kuitana anthu.

"Mayo ine," anatero Ba Ednah. "Masiku onse aya ninali kumva gogogo, nati ni makoswe!"

Awiriwo ananyamula mdalayo pachitenje mpaka pamsewu, pomwe woyendetsa takisi anawathamangitsira kuchipatala. Tenson anabwerera yekha, nakhala pamulu wa njerwa. Tsikulo sanadye.

Ba Norbert anachira, ngakhale amalankhula movutika ndipo amayendera ndodo. Tenson atabwera kudzatseka chibowo, Ba Ednah anamuletsa.

"Apa musaikepo njerwa. Niikileni chitseko."

Tenson anaika felemu ya chitseko, namanga bwino m'mbali mwake. Tsopano mdalayo amadutsa pomwepo m'mawa, nakhala pampando pafupi ndi makina, akuthandiza kusomola ulusi pa zovala zofuna kusokanso.