Mkono Umene Unakana pa Posito

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga Agata, amene tinamuika m'manda asakuidziwa. Kulemba ndaphunzira ndili ndi imvi, pa mabenchi a tchalitchi, ndipo dzanja limene lagwira pensuloli ndi lomwe nkhaniyi ikunena.

Ndinachoka ku Chiwanga pothawa chibalo. Masiku amenewo asipayo, apolisi a Apwitikizi, ankafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kudzatenga amuna oti akagwire ntchito ya boma kutali, ndipo khomo lililonse linkapereka wake. Ine ndinali mkamwini. Ndinkadziwa kuti eni khomo akamafuna womupereka sayambira mwana wawo. Nditauza Agata kuti ndikupita ku Bulawayo, anali akuyanika usipa pathandala, mwana wathu Lusiya ali kumbuyo. Sanatembenuke. Anangoti, "Mukadzabwera chimanjamanja, achimwene adzandiseka." Achimwenewo anali a Barnaba, mlongo wake wamkulu. Amene anandiwolotsa pa bwato mpaka ku Likoma anali Tito, mlongo wake wamng'ono, ndipo potsazikana anavula chipewa chake n'kundiveka.

Ku Bulawayo ndinapeza ntchito yophika buledi. Ndinkagona m'chipinda chodzaza amuna, koma wolankhula chinenero changa munalibe. Lamlungu ndinkapita kusiteshoni kukangomvetsera ngati mwa otsika sitima muli wolankhula Chinyanja. Ndikamva kuti wina akubwerera kunyanja, ndinkamupatsira bulangete, nsalu ndi ndalama zosokera mu lamba. Mayankho ankabwera pakamwa, patapita miyezi. Lusiya wayamba kuyenda. Denga likudontha. A Barnaba agula khoka la chilimira ndi ndalama zija, akuti mukadzabwera mudzalowa m'bwato ngati mwini. Uthenga umenewo ndi umene unkandidzutsa m'mawa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinatuluka pa ng'anjo thukuta lili kamukamu, kukaika buledi m'galimoto panja. Thireyi ya buledi imene ndinanyamula inagwa. Nditati ndiitole, mkono wamanja unali wolemera ngati chipika chonyowa. Mnzanga anandipatsa tiyi, tiyiyo n'kutuluka pambali pa kamwa mpaka m'malaya. Anayamba kuseka, kenako anasiya. Nkhope yanga mbali yamanja inali itagwa, diso silinkatseka.

Kuchipatala dokotala woyamba, mzungu wokalamba, anandifinya zala, n'kuuza womasulira kuti mtsempha waphulika m'mutu. Anati dzina lake ndi sitiroko, imabweranso, ndipo ikabweranso imapha kapena kukusiya pamphasa. Ndisanyamule cholemera. Patapita masiku ndinaonedwa ndi dokotala wina, wachinyamata. Anandiuza kuti ndikwinye chipumi, nditseke maso, ndiimbe likhweru. Anapukusa mutu. Iyeyo anati m'mutu mulibe kanthu, ndi mtsempha wa nkhope chabe umene wafooka, uchira wokha, ndipo mkonowo ndi mantha. Ndinafunsa womasulira kuti pa awiriwa wolondola ndani. Anati, "Onse anapita kusukulu, mdala. Sankhani amene akukukomerani."

Bwana wa buledi anasankha woyamba, n'kundichotsa ntchito. Mkono unabwerera patapita masiku, koma nthawi zina unkachita dzanzi popanda chifukwa, n'kusiya wokha. Kamwa inakhalabe yopotoka. M'mawa uliwonse, ndisanadzuke, ndinkayamba kupinda zala chimodzichimodzi kuti ndione ngati ndidakali munthu. Ndikamva mutu pang'ono ndinkakhala pansi n'kudikira. Chimene chinandikweza sitima n'chakuti ndinaona mmene ankaikira alendo ofera m'tauni: akaidi ndi amene ankakumba manda, popanda wolira. Ndinati bola ndikagwere kwathu.

Nditafika, Lusiya anandiyang'ana n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. A Barnaba anandigwira chanza, n'kupendeketsa mutu kuti afanane nane. "Alamu, takulandirani. Kamwayi mwagula sitolo iti? Mutiuze, nafenso tikagule." Anthu anaseka. Agata anayamba kundiikira chakudya kuseri kwa nyumba, akuti alendo asamaone msuzi ukutsika pachibwano.

Ndinapita kuchipatala cha mishoni ku Msumba. Sisitere wa kumeneko anamvetsera zonse, n'kunena zofanana ndi dokotala wokalamba uja: ikanakhala nkhope yokha sibwenzi mkono utakhudzidwa, ndipumule. Mwezi wotsatira ndinapita kwa enferimeru, dokotala wamng'ono wa pa posito, ofesi ya boma ya ku Mtengula, ndikuganiza kuti andilembera kuti ndine wodwala, asipayo asadzanditenge. Iye anandiyendetsa pabwalo, n'kunena kuti ndili bwino kuposa iyeyo. Mkulu wina wa kumzikiti anandicheka mphini m'khosi, akuti ndinadutsana ndi mphepo yoipa. Aliyense ankalankhula motsimikiza. Wosadziwa ndinali ine mwini thupi.

Nyengo ya usipa itafika, ndinatsikira kugombe ndi nkhafi yanga. A Barnaba anaima pakati pa ine ndi bwato.

"Mukupita kuti, alamu?"

"Kukhoka. Paja munati ndidzalowa ngati mwini."

"Sisitere sanati mukhoza kugwa nthawi iliyonse? Munthu akafera m'bwato, bwato limenelo ndani adzakweremonso? Mukufuna tiliwotche? Khalani pamthunzi."

"Nanga gawo langa?"

"Gawo n'la amene wanyowa."

Kwathu zinalidi choncho. Bwato lofera munthu linkasiyidwa pamchenga mpaka kuwola, ndipo nsomba zinkagawidwa kwa okoka okha. Palibe anandiikira kumbuyo. Ndinakhala miyezi ndikusoka khoka logulidwa ndi thukuta langa, ndikudya zimene Agata wapempha kwa alongo ake.

Tito yekha ndi amene sanandiope. Anali atangokwatira kumene, mkazi wake Esita anamutengera pakhomo pomwepo ndipo anali woyembekezera. Tito anali ndi kabwato kake kakang'ono. Nyanja ikakhala bata ankandikweza kukawedza ndi mbedza. Ndinamufunsa ngati sakuopa kutaya bwato. Anati, "Mukafa ndidzakukankhirani m'madzi msanga, ndidzati munatsetsereka. Gwirani chingwe, alamu." Madzulo ankanditikita mkono ndi mafuta a nsatsi, akunditonza kuti mkazi wake yemwe samuchitira zotere.

Kenako asipayo anabweranso. Ankafuna amuna okakonza njanji kutali, kummawa. Msipayo atafika pakhomo pathu, a Barnaba sanachedwe.

"Tili naye mwamuna wongokhala. Enferimeru anamuyeza, alibe kanthu."

Ndinati, "Alamu, si inu munati ndine wakufa?"

"Kunyanja ndinu wakufa. Kumtunda muli moyo."

Ndinayang'ana Agata. Ankapeta ufa wa chinangwa. Anati, "Pitani, bambo a Lusiya. Kuno mukungodya." Anapitiriza kupeta.

Tsiku lonyamuka, Tito anati sindingasenze katundu mpaka ku Mtengula ndi mkono wotere. Anamanga bulangete langa ndi poto, n'kusenza yekha. Njira yonse ankandiuza kuti miyezi ya chibalo imatha, kuti Lusiya azimuyang'anira. Ine sindinkamva. Ndinkangoganiza za dokotala wokalamba uja, ndi piki m'manja mwanga dzuwa lili pamutu.

Pa posito anatiimika pamzere. Aliyense ankayenera kunyamula ndowa ziwiri za mchenga, kuziimika m'mapewa, n'kupita mbali ya galimoto. Itafika nthawi yanga, ndowa yamanzere inakwera. Yamanja inatsala pansi. Zala zinagwira chogwirira, koma mkono sunabwere. Enferimeru anakuwa kuti ndikunamizira, amandidziwa. Msipayo anatenga mbalamatodya, thabwa lija lobooledwa lomenyera m'manja, n'kundimenya pachikhatho. Ndinkamva kulira kwa thabwa ngati akumenya dzanja la munthu wina. Sindinalichotse.

Shefi, Mpwitikizi wolamulira posito, anali pakhonde. Anatsika, anandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kudzuwa. Anati bambo ake anafa ndi zomwezi, ndipo sakufuna mtembo pa njanji. Enferimeru anati ayi, bwana, ndi nkhope chabe. Anakangana m'Chipwitikizi pamwamba pa mutu wanga, monga mmene madokotala aja akanakanganira akanakumana. Shefi anapambana chifukwa anali shefi. Kenako anafunsa kuti khomo limeneli likhala osapereka munthu? Msipayo anatembenuka, n'kuona Tito ataima pansi pa mtengo wa mango, katundu ali pamutu.

"Uyo wa khomo lomwelo. Katundu ali naye kale."

Tito sanalimbane nawo. Akukwera galimoto anandiitana. "Alamu, bulangete lanuli ndabwereka. Kabwato kanga ndakasiya padzuwa, kang'ambika. Mupeze anthu akakokere pamthunzi." Za Esita sananene. Ndikhulupirira ankaopa kuti akatchula dzina lake alira pamaso pa asipayo.

Ndinabwerera ndekha, dzanja litatupa. Esita atandiona kumapeto kwa mudzi anakhala pansi pomwe anaimapo. A Barnaba sanakuwe. Anandiyandikira n'kunena motsitsa, "Mkono wanu ndi wanzeru, alamu. Umadziwa tsiku lofera." Apongozi anga anatulutsa mphasa yanga n'kuiponya pabwalo. Agata anaitola, n'kukaiyala m'khitchini. Sanandithamangitse chifukwa chimodzi chokha: kupatula a Barnaba eni ake, pakhomo panalibenso mwamuna wina woti adzamupereke chaka chamawa.

Tito sanabwerenso. Anzake atabwerako anati anadwala m'mimba, anamuika m'mbali mwa njanji. Bulangete lija anabwera nalo, n'kundipatsa ine, poti linali langa. Esita anabereka mwana wamwamuna, n'kubwerera kwawo ku Maniamba. Sanandilankhulenso.

Ndinachoka ku Bulawayo kuja ndikuganiza kuti kwathu n'kumene munthu angadwale osaopa. Ndinapeza kuti kwathunso amayeza munthu ngati bwana wa buledi uja, kusiyana kwake n'kwakuti kwathu amakuitana alamu. Apwitikizi atachoka ndinafunsanso madokotala awiri. Wina anati ilipo sitiroko yaing'ono imene imabwera n'kuchoka, ndipo mantha ndi dzuwa zikhoza kuiitana. Wina anati munthu wogwidwa kawiri sangafike msinkhu wangawu. Yaikulu ija ndikuidikirabe. A Barnaba, Agata, sisitere, onse anatsogola. Ine m'mawa uliwonse ndimapindabe zala. Ngati mkono unafadi pa posito paja, kapena ngati ndine ndinauuza mumtima kuti ugone, sindidziwa. Ndafufuza m'mutu mwanga moyo wonse, ndipo tsiku lina ndimapeza yankho ili, tsiku lina linalo.

Chimene ndikudziwa ndi cha m'mawa wotsatira tsiku limene Tito anatengedwa. Ndinatsikira kugombe asodzi atapita kale kukhoka. Kabwato ka Tito kanali padzuwa, pamene anakasiya. Sindinaitane munthu, poti palibe akanabwera. Ndinagwira kumutu kwake ndi dzanja lamanzere, sikanasunthe. Ndinaikapo lamanja, lotupa lomwelo, n'kukoka. Zala zinagwira. Mkono unalimba mpaka paphewa, bwato n'kuyenda pamchenga mpaka pansi pa mkuyu. Ndinaima pamenepo ndikupuma, ndikuyang'ana gombe lonse uku ndi uku. Panalibe wandiona. Ndinafunditsa bwatolo ndi bango, ndinalowetsa dzanja lamanja m'malaya, n'kukwera kumudzi litalendewera.