Bambo Ankafunsa Kuti Wabwino Ndi Uti

Bambo anga atadwala sitiroko, achemwali anga anawatenga kukakhala nawo ku South Bend, tauni ina ya kutsidya kwa nyanja kuno. Ine ndinali ku Indianapolis, mzinda wa chakumwera kwake, ndikugwira ntchito pachipatala china m'tauni, ndipo Loweruka lililonse lomwe ndinalibe shifiti ndinkaliza galimoto kulowera kumpoto, kudutsa minda ya chimanga yosatha ija.

Dzanja la bambo lamanja linali litafa, mawu ankatuluka movutikira. Zambiri anaziiwala, koma mafilimu a akauboyi sanawaiwale. Ali mnyamata ku Limbe ankawaonera m'holo atakhala pabenchi, ndipo ankatiuza kuti anthu ankaimirira n'kumakuwa hatchi ya ngwazi ikatulukira paphiri. Choncho ntchito yanga inakhala yowapezera filimu.

Poyamba zinkayenda. Ndinkabwereka ku laibulale akalekale aja, momwe wabwino amavala chipewa choyera, woipa chakuda. Bambo ankaonera mwachidwi, nthawi zina n'kumenya bondo ndi dzanja lamanzere. Koma akalewo tinawamaliza. Mayi wina wachikulire wogwira ntchito pa laibulalepo anandilangiza kuti nditsate mmene mafilimuwa anasinthira: ndiyambe ndi amene anajambulidwa ku Ulaya, a likhweru ndi nkhope zathukuta, kenako ndifike pa a masiku ano. Anati atsopanowa sabisa nkhanza, ndipo amaonetsanso mbali ya eni nthaka enieni a dziko la akauboyilo, amene kale ntchito yawo m'filimu inali kungowomberedwa n'kugwa pahatchi.

Ndinamumvera. Ineyo ndinawakonda. Bambo ayi.

Tsiku lina masana, kunja kukugwa sinowo, chipale chofewa chija, tinkaonera ina momwe wapolisi wa m'tauni anawombera munthu wopanda mfuti, kenako n'kukhala pansi kumalira. Bambo anandikoka malaya.

"Wabwino ndi uti apa?"

"Palibe, bambo. Masiku ano amawapanga choncho."

"Nanga tikuchemerera ndani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti munthu mmodzi akhoza kukhala wabwino komanso woipa, koma ndinaona kuti mawu anga akungowaopseza. Misozi inayamba kutsika. Achemwali anatuluka kukhitchini manja ali onyowa.

"Wawaonetsanso chiyani iwe? Adokotala anati asamadisitabidwe."

Ndinazimitsa. Sabata yotsatira ndinabweretsa yakale ija imene ankaikonda kwambiri, ndili ndi chikhulupiriro kuti zibwerera mwakale. Wachipewa choyera atatulukira, bambo anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kundifunsa funso lomwe lija. Ndinaloza ndi chala. Patapita kanthawi anafunsanso. Ndinalozanso.

Kuchipatala ndimaona odwala otere tsiku ndi tsiku, ndipo ndimadziwa kuti si filimu imene inachititsa. Matendawo ankangopita patsogolo. Komabe kudziwako sikunandithandize kanthu. Ndinayesa kukweza mawu, ndinayesa kumasulira zokamba za anthuwo m'Chichewa, ndinayesa kuwakumbutsa za holo ya ku Limbe. Ankangondiyang'ana mwaulemu ngati mlendo wolongolola.

Pofika nyengo yotentha anasiya kufunsa. Maso awo ankangotsata mahatchi, anthu akayamba kulankhula iwo n'kugona. Mayi wa ku laibulale anandifunsa ngati bambo akusangalala ndi zimene anandisankhira, ndipo ndinangoti akuonera.

Madzulo ena ndikutsanzika, ndinawagwira dzanja lamanzere n'kunena kuti ndibweranso. Anagwedeza mutu monga amachitira ndi munthu wosamudziwa n'kuti, "Zikomo, achimwene." Ndinalowa m'galimoto n'kukhala kanthawi osailiza. Achemwali anaima pawindo akundiyang'ana, kenako anatseka katani.