Chingwe cha Amalume ndi Batire la ku Balaka

Ndinanyamuka kwa Mposa Lachinayi mmamawa, m'thumba muli ndalama ndi chingwe cha khonje. Loweruka unali ukwati wa msuweni wanga Esinati, ndipo atate ake, amalume anga a Namakhwa, analonjeza malemu akazi awo kuti mwanayu sadzapita kutchalitchi pa kabaza. Adzakwera galimoto yawo yakale yobiriwira, imene imagona m'chigafa ndi nkhuku n'kumatuluka kawiri pachaka. Koma batire lake linali litafa, ana atalimaliza ndi kutchajira mafoni.

Amalumewo anali dalaivala zaka zambiri, koma maso anasiya kuona, moti galimotoyo amawayendetsera ndi ena. Dzulo lake anapapasa pokhala batire, namanga mfundo zitatu pachingwe, kumapeto n'kusokererapo batani la malaya.

"Mwananga, mfundozi ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu," anatero. "Batanili ndi pamene pakhale mutu wonenepa wa batire. Usalole kuti akunyengerere."

Ndinavomera, koma mumtima ndinkaseka. Ine mphunzitsi wathunthu kukagula katundu ndi chingwe!

Njinga yamoto inandidya K3,000 kukafika pamsewu wa tala, phiri la Chikala litavala nkhungu kumbuyo kwathu. Minibasi ya ku Balaka inati K6,000, ndipo kondakitala anandikhazika pakati pa thumba la mpunga ndi mayi wina wonyamula nkhuku. Pamlatho wa Liwonde phokoso lonse linatha. Shire anali atadzaza, ali phee, ndipo mvuu ziwiri zinatulutsa mitu pafupi ndi bango. Ndadutsapo kambirimbiri, koma mtsinje umenewu umandichititsabe mantha okoma.

Cha m'ma 11 koloko ndinali pa Balaka, ndikutafuna chimanga chootcha. M'sitolo yoyamba mnyamata wogulitsa anandionetsa batire lalikulu la sola.

"Tengani ili, madamu. Ukwati ukatha muziyatsira magetsi m'nyumba."

Ndinakopeka nalo, chifukwa linali lotsika mtengo. Koma nditayeza, chingwe chinathera panjira. Ndinatuluka akundiseka.

Pafupi ndi siteshoni ya sitima ndinapeza sitolo ya Che Amidu, bambo wachikulire wovala kofiya yoyera. Iwo sanaseke. Anatambasula chingwecho patebulo ngati kalata.

"La sola lija mwachita bwino kulisiya, mama. Limapereka moto pang'onopang'ono, pomwe injini yogona imafuna kudzutsidwa ndi mphamvu kamodzi."

Anatulutsa batire lina, ndipo mfundo zonse zitatu zinagwirizana. Ndinayamba kale kutsegula kachikwama.

"Iyayi, dikirani. Onani batani lanu lili kumanja, mutu wonenepa uli kumanzere."

"Nanga mawaya sitingangowakoka?"

"Mawaya a zaka zimenezo? Athetheka m'manja mwanu. Ndipo mukawasemphanitsa, mwaotcha galimoto."

Analowa kuseri, nakhalitsako ndithu, ine thukuta lili kamukamu poganiza za Loweruka. Anabwera ndi batire lafumbi pamwamba, naliyeza ndi kamakina kawo, n'kuyala chingwe. Batani linagwera pamutu wonenepa ndendende.

"Wamanga chingwe ichi ndani? Makaniko wa kuti?"

"Amalume anga. Saona."

Che Amidu anasisita mfundozo ndi chala. "Mashallah. Ena amabwera ndi nambala yolemba papepala, mawa n'kudzabweza katundu. Mukawauze kuti galimoto yosayendayenda azichotsa waya umodzi ikaima, ndipo aziiliza sabata iliyonse. Za mafoni ayi."

Manyazi anandigwira chifukwa cha kuseka kwanga kwa mmamawa.

Pobwerera kondakitala anafuna kulipiritsa batire ngati munthu, ndiye ndinalifungata pamiyendo mpaka potsikira. Wanjinga yamoto analimanga ndi malabala, ine ndikumupempha kuti azilemekeza mabampu.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amalume anali kale pachigafa, sipanala ili m'manja, nkhuku atazipirikitsa. Sanalole munthu kuwathandiza. Batire linalowa pamalo pake osasiya mpata ngakhale wa chala, ndipo anamanga mawaya nkhope itayang'ana kudenga. Nditayamba kufotokoza malangizo a Che Amidu, anangoti, "Ameneyo ndi munthu wodziwa ntchito."

Anakhala pachiwongolero n'kupotoza kiyi. Galimoto inatsokomola kawiri, n'kukhala chete. Kachitatu inabangula, utsi uli tolo, amayi a m'khitchini n'kuyamba nthungululu. Ine misozi inangotsika. Ndinayenda ulendo wonsewu ndi maso awiri, koma amene anasankha batire anali atatsala kunyumba.

Amalume anamvetsera injini kwa kanthawi, kenako anatambasula dzanja n'kutsegula chitseko cha mbali inayo.

"Esinati, bwera mwanawe. Khala apa pomwe ankakhala mayi ako, uyeserere."