Mchira wa amalume

Amalume anga anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi kametedwe kachilendo: kutsogolo ndi m'mbali tsitsi lalifupi, kumbuyo lalitali, lowongola ndi mankhwala, lofika m'khosi. Ku Tsangano tinkalitcha mchira. Iwo ankati oimba ndi osewera mpira akumeneko ankameta choncho, ndipo ubwino wake unali woti kapitawo ankaona munthu waulemu, pomwe atsikana ankaona munthu wina akatembenuka.

Nthawi ya chipani chimodzi mwamuna watsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, choncho mchirawo ankaubisa ndi chipewa komanso kolala ya jekete. Kwathu kumazizira, ndiye palibe ankadabwa. Matipate atabwera, anavula chipewa n'kumagulitsa mbatatesi pamsika mchira uli poyera, ukunyezimira mafuta. Koma anachedwa nawo. Achinyamata anali atayamba kale kumeta mpala, ndipo ankangowaseka.

Chaka chotsatira mayi awo a amalume, agogo anga, anamwalira. Tsiku lometa maliro, mayi anga, mlongo wawo, anatenga lumo nati, "Achimwene, weramani." Anawerama. Mchira umene boma linaulephera unagwera m'fumbi pamodzi ndi tsitsi la tonsefe, ndipo sanausungenso.