Mikono Iwiri ya Kumanzere

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsapato aja anthu amangowatchula kuti Mayi Bwerezani. Dzinali anadzipezera okha: msoko akausoka amaumasula, n'kuusokanso. Asanadule nsalu amayeza, n'kuyezanso, sizasi ili m'manja, mtima uli phaphapha. "Nanga ndikalakwitsa?" Funso limeneli ndi lomwe lawameretsa imvi, osati ana ayi.

Komatu makasitomala amawakonda mayiwa! Munthu akaima pagalasi n'kumadandaula za mimba kaya mapewa, iwo amangoti, "Iii, musamadzinyoze chonchi. Zakukhalanitu, mayi."

Pansi pa sutikesi anasunga nsalu yobiriwira imene anawagulira malemu amuna awo. Zaka zinapita osaikhudza, kuopa kuiononga. Ndiye mwana wawo wamkazi atamaliza maphunziro a unamwino, sanapite m'mbali: "Amayi, tsiku lolandira satifiketi mudzavale nsalu ya adadi ija. Apo ayi, musadzabwere."

Anadula, abale inu! Anatseka pakamwa, sizasi n'kulowa m'nsalu. Thupi la diresi linatuluka bwinobwino. Koma atayala mikono yake patebulo, anangoti kakasi: yonse iwiri inali ya kumanzere. Anaiwala kutembenuza pepala lodulira. Nsalu yotsala inali tizidutswa tokhatokha.

"Chitsiru iwe," anayamba kudzikalipira, "zaka zonsezi ukusoka..."

"Mukutukwana ndani?" anafunsa mwana uja, ataima pambali pa makina. "Amene mukuwatukwanawo ndi amayi anga. Asiyeni."

Mayiwo anamuyang'ana mwanayo. Kenako kuseka kunangowatulukira, kuseka mpaka misozi. Chimene ankachiopa moyo wawo wonse chinali chitachitika, koma makina anali pomwepo, mwana ali pomwepo, iwonso akupuma bwinobwino. Anakankhira mikono ija pambali, n'kupinda m'mapewa mwa diresi, n'kupalasa makina ngati mtsikana uku akuimba, osamasula msoko ngakhale umodzi. Diresi lopanda mikono, iwo amene sanaonetsepo mapewa pagulu! Wogulitsa nsapato anachita kusuzumira kuti aone amene akuimba.

Atalivala, anakaima pagalasi lomwe lija la makasitomala. Khosi la diresi linapendekeka pang'ono. Analiona ndithu, dzanja linapita pasizasi, koma linabwerera lokha. Anatembenukira uku, n'kutembenukira uko, kenako anawayang'ana m'maso mayi a m'galasiwo.

"Zakukhalanitu, mayi," anatero.