Belu la Terelini M'chigafa cha Fodya

Pa mawu onse amene tinkanyadira nawo tili atsikana ku Mitundu, latsala ndi moyo ndi limodzi lokha: kutchena. Enawo anafa popanda wowalira. Ndani lero akudziwa gogoda, nsapato zazitali chidendene zomwe zinadzitcha zokha dzina ndi kulira kwake pa simenti ya sitolo? Nanga belu, thalauza lothina m'chiuno koma lotambalala kumapazi ngati belu la kutchalitchi? Mnyamata akavala zimenezi, n'kupesa tsitsi kuti liime, tinkati walowa fasho. Wobwera ndi kabudula wa kaki tinkamuti wachimidzi, chikhalirecho tonsefe tinali a m'mudzi momwemo, ming'alu ili mbwee kumapazi.

Ine ndinagwa m'chikondi ndi wolowa fasho, ndipo sindichita nazo manyazi. Ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ku Nathenje, tsiku la msika n'kumabwera kwathu pa njinga. Belu anali nalo limodzi lokha, la nsalu ya terelini, loyera ngati mkaka, lomwe mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Masiku amenewo anyamata a chipani ankaima pachipata cha msika ndi sizasi, kudula tsitsi lalitali ndi miyendo ya mabelu. Iye ankalipinda n'kulimanga ndi mphira ngati woopa tcheni cha njinga, akangolowa mkati n'kumasula. Ankalikonda thalauzalo kuposa njinga yomwe.

Vuto linali atsibweni anga, alongo awo a amayi. Ndiwo anali eni mbumba, ndipo popanda mawu awo panalibe ukwati. Kwathu mwamuna amadzakhala kwa mkazi, choncho iwo ankafuna mkamwini wa khasu. Anali atanena kale kuti sangasunge munthu wodya ndi kupesa basi.

Ndinamuchenjeza mnzangayo. "Mukamabwera kudzaonekera, chonde muvale kaki."

Anavomera, koma mumtima anali ndi nzeru zake. Iye ankaganiza kuti kulemekeza akulu ndi kuwavalira chovala chopambana zonse.

Anafika nyengo yosoka fodya, mvula itagwa m'mawa. Nditamuona akutsika pa njinga, belu lili mbee, gogoda zikumira m'matope, ndinadziwa kuti za kaki zija sanandimvere. Atsibweni anali m'chigafa pamodzi ndi amayi, akusoka masamba. Anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, osafulumira.

"Mwatchenatu, aphwanga," anatero atsibweni. "Koma mwatipeza pa ntchito. Singano ndi iyo."

Amene sanagwirepo fodya wamuwisi sangamvetse. Masamba ake ali ndi utomoni wakuda womata, ndipo ukalowa m'nsalu ngakhale sopo wamtundu wanji sauchotsa. Amayi anamva chisoni, natola chiguduli kuti mlendo ayale pamiyendo. Atsibweni anangotsokomola, amayi n'kuchibweza pomwe chinali.

Mnyamata uja anayang'ana thalauza lake, kenako anayang'ana ine. Ndinaweramitsa nkhope, poti ndinkadziwa kuti akangopempha mpando ndiye kuti zathu zathera pomwepo. Anavula gogoda zija, naziika bwinobwino pa chitsa. Anakhala pansi padothi n'kuunjika masamba pamiyendo.

Kusoka kwake kunali kochititsa manyazi, zoona ndinene. Ankazondotsa masamba, chingwe chinkasomphoka, singano inkamubaya. Atsibweni ankamasula zonse n'kumubwezera, iye n'kuyambiranso. Pofika masana belu lija linali ngati chigamba chopukutira mphika. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Ndinakwiyira atsibweni chifukwa cha nkhanza, ndinakwiyiranso mwini thalauza chifukwa cha kusamva.

Dzuwa litapendeka, atsibweni anaimirira nandiitana. "Iwe, takokera kuno thiranki yomwe ili pansi pa bedi langa."

Thiranki imeneyo ndinali ndisanaionepo yotsekula. Munatuluka suti yotuwa, ya mapewa otambalala, yonunkha mankhwala a njenjete. Pansi pake panali chipewa cha nthenga m'mbali.

"Mukuganiza kuti kutchena munayamba ndinu?" anafunsa atsibweni. "Mawuwo tinabwera nawo ndife, kuchoka ku Halale. Kumeneko akati chinthu chatchena ndiye kuti chayera. Ife tinkadula seda ndi lumo pamutu pano, mzere wowongoka ngati msewu wa ku Dedza. Atsikana a ku Diamphwe ankasiya mitsuko pamjigo."

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati masiku amenewo alongo awowo ankakana ngakhale kusenza nkhuku, kuopa kuti iwaipitsira jekete.

"Nanga munasiyiranji?" anafunsa mnyamata uja, mwamantha ndithu.

"Apongozi anga anandipatsa khasu nditavala yomweyi. Ine ndinali wochenjera, ndinayamba ndavula." Anamuponyera sutiyo. "Simungapite ku Nathenje muli chonchi, anthu angati kuno tinakumenyani. Valani."

Mnyamata uja anakavalira kuseri kwa chigafa. Atatuluka, thalauza linali litalekeza pamwamba pa akakolo, mapewa akulendewera, gogoda pansi pake. Sindinaonepo munthu wotuluka fasho chotero, ndipo sindinamukondepo ngati mmene ndinamukondera tsiku limenelo.

Atakwera njinga, anafunsa mwaulemu kuti sutiyo adzaibweze liti.

"Musatumize mwana," anayankha atsibweni, atabwerera kale ku fodya wawo. "Idzabwere ndi atsibweni anu, tidzakhale pansi."

Ine nditamva zimenezo ndinangokhala pamatope pomwepo ndi diresi langa la kutchalitchi.